Mnyamata amene sanaponde besi yachiwiri

Achimwene ena amene akuphunzira ku Chicago andilembera imelo. Akuti anamva anzawo akukamba za timu ya baseball imene inapambana masewero, anthu n'kuyamba kusangalala, kenako chipambanocho n'kulandidwa chifukwa wosewera mmodzi sanaponde malo ena pabwalo. Akufunsa ngati zinachitikadi, ndiponso ngati mnyamatayo anali wolakwa.

Achimwene, zinachitikadi. Linali tsiku la 23 September 1908 pabwalo la Polo Grounds ku New York, pamene New York Giants inkasewera ndi Chicago Cubs. Matimu awiriwa ankalimbirana ukatswiri wa National League, masewero a chakacho atatsala pang'ono kutha.

Pa baseball, munthu amapeza pointi akazungulira mabesi atatu (malo oponda pabwalo) n'kubwerera pomwe anamenyera mpira. M'chigawo cha 9, chomaliza, matimuwa anali 1-1, ndipo osewera awiri a Giants anali atatulutsidwa kale. Akatuluka wachitatu, chigawo chimatha. Moose McCormick anali pa besi yachitatu, Fred Merkle pa yoyamba. Al Bridwell anaumenya mpira bwino, McCormick n'kuthamanga kukamaliza, ndipo anthu anakhamukira m'bwalo ndi chimwemwe. Merkle ataona zimenezi anapatuka asanafike pa besi yachiwiri, n'kuthamangira kuchipinda chosinthira zovala.

Apa ndiye pagona nkhani. Womenya mpira akalunjika pa besi yoyamba, amene waima pamenepo amakakamizika kukaponda yachiwiri. Mpira ukam'tsogolera kufika, watuluka, ndipo ngati ali wachitatu, pointi ija siwerengedwa. Johnny Evers wa Cubs ankalidziwa bwino lamuloli. M'chipwirikiti chija anapeza mpira n'kuponda besi yachiwiri, ndipo woyimbira masewero, Hank O'Day, anagamula kuti Merkle watuluka. Masewero anathera pa 1-1, ndipo mtsogoleri wa ligi, Harry Pulliam, anavomereza chigamulocho.

Tsoka linakula chifukwa matimu awiriwa anamaliza chaka ali ofanana, iliyonse itapambana masewero 98. Anabwereza masewerowo pa 8 October, Cubs n'kupambana 4-2, kenako n'kugonjetsa Detroit Tigers pa World Series, mpikisano womaliza wa akatswiri a maligi awiri. Chikho chimenecho Cubs sinachikhudzenso mpaka 2016.

Tsono zoti anali wolakwa, ine ndimakana kumusenzetsa yekha katundu ameneyu. Lamulo linalipo, inde, koma oyimbira sankalitsata, ndipo osewera anazolowera kuthawa khamu masewero akangotha. Pa 4 September chaka chomwecho ku Pittsburgh, Warren Gill wa Pittsburgh Pirates anachita zomwezo posewera ndi Cubs, Evers n'kudandaula kwa O'Day yemweyo, koma pointi inawerengedwa. Ndiye kuti Merkle anagwa m'mbuna imene inali itakumbidwa kale. Anali ndi zaka 19 zokha, ndipo tsikulo anayamba nawo masewero m'malo mwa Fred Tenney, wosewera wa Giants amene ankamva msana. Mphunzitsi wa Giants, John McGraw, munthu waukali kwambiri, sanamuloze chala.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti nyuzipepala ndi ochemerera anam'patsa dzina lachipongwe, lomunena kuti ndi mbuli, ndipo linam'kakamira moyo wake wonse ngakhale anasewera bwino mpaka 1926. Anabwereranso ku Polo Grounds mu 1950, pa tsiku lolemekeza osewera akale, ndipo anthu anamuwombera m'manja kwambiri. Anamwalira mu 1956 ku Daytona Beach.