Matayala akuluakulu ndi sipidomita: yankho kwa bambo a ku Chinamwali

Bambo wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Akuti galimoto yawo inkagunda pansi akamapita kumudzi kudzera msewu wa ku Jali, ndiye anachotsa matayala a 185/65 R15 n'kuikapo a kaunjika a 205/70 R15. Sabata yatha apolisi a pamsewu anawaimitsa cha ku Thondwe, kamera ikusonyeza liwiro la makilomita 58 pa ola, pomwe iwo muvi wa sipidomita ankauona uli pakati pa 50 ndi 55. Funso lawo: wonama ndani, kamera kapena galimoto?

Bambo, pepani, koma kamera sinakunamizireni. Vuto lili m'matayala mwanumo.

Sipidomita siona msewu. Imangowerenga kuti tayala lazungulira kangati, kudzera pa sensa ya pa giyabokosi kapena ya ABS (makina oletsa matayala kuuma mukaponda buleki), ndipo kufakitale anaiuza kale kuti kuzungulira kumodzi ndi mtunda wakutiwakuti. Mukasintha tayala, palibe amene amakaiuza.

Tengani manambala a m'mbali mwa tayala aja. 185 ndi kutambalala kwake m'mamilimita. 65 akutanthauza kuti khoma la tayala, kuchoka pa rimu kufika pamene likhudza msewu, ndi 65 peresenti ya 185 uja, pafupifupi mamilimita 120. Makomawo ndi awiri, lapansi ndi lapamwamba, ndiye 240. Onjezani rimu ya mainchesi 15, yomwe ndi mamilimita 381, mupeza kuti tayala lanu lakale linali lotalika pafupifupi 621. Latsopanoli, powerengera chimodzimodzi, ndi 668. Lakale likazungulira kamodzi linkayenda mamita 1.95, ili likuyenda 2.10. Masentimita 15 pa kuzungulira kulikonse amene galimoto sikuwadziwa! Ndiye muvi ukakhala pa 54, inu muli pa 58. Ukafika pa 100, mwadutsa 107.

N'zoona kuti opanga galimoto amachuna sipidomita kuti izisonyeza liwiro lokwererako pang'ono kuposa lenileni. Koma kampata kameneko n'kochepa, matayala anuwa anakameza.

Chimene chimandidetsa nkhawa si chindapusa chokha. Ganizani za tsiku la msika pa Thondwe, akabaza, ana, mbuzi, amayi atasenza madengu a tomato akuwoloka. Pamenepo kuthamanga kumene simukukudziwa kumatalikitsa mtunda woti muime, ndiponso tayala lalikulu ndi lolemera limapatsa mabuleki ntchito yambiri. Makilomita nawo akuwerengeka mopelewera: akamati mwayenda 5,000, mwayenda pafupifupi 5,370, oyilo n'kumachedwa kusinthidwa.

Sindikunena kuti kufuna kukweza galimoto n'kulakwa, misewu yathu nthawi ya dzinja timaidziwa. Koma mwangokwera masentimita awiri ndi pang'ono basi, theka la kusiyana kwa mamilimita 621 ndi 668 aja. Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chimango pamakhala kapepala kosonyeza saizi yoyenera. Ine ndimati musapatuke kupitirira 3 peresenti. 195/65 R15 imasiyana ndi yanu yakale ndi 2 peresenti yokha.

Ngati ndalama yosinthira palibe pakadali pano, pezani malo owongoka mu M3, wina akhale pambali panu ndi foni ya GPS, muyende mwa liwiro limodzi. Aone kuti foni ikamati 50, muvi uli pati, chimodzimodzinso pa 80. Manambala awiriwo muwalembe pa kapepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero.