Jekete la bambo anu ndi chipande cha amayi anga

Imelo inabwera Lachiwiri usiku. Mayi wina, amene bambo ake anatisiya chaka chatha, akufunsa ngati pali nthano zazitali zonena za chisoni ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku timene malemu amasiya. Kumapeto anaonjezera mzere umodzi: "Ndikulephera kupereka jekete lawo, ndipo abale ayamba kundiseka."

Achemwali, za mabuku ndifikako. Mzere womalizawo ndi umene wandikhazika pansi.

Amayi anga anamwalira mu Juni, kwathu ku Dedza, kukuzizira kolasa m'mafupa. Titameta, amalume anayala mphasa pabwalo n'kulamula kuti katundu yense atuluke: makina osokera, wailesi, mabulangete, mbale za alendo zimene ife ana sitinkaloledwa kudyera, ndi zitenje za m'sutukesi zomwe zinali zisanavalidwepo. Pa makina osokera panabuka mkangano umene mpaka lero sunazime. Pali azakhali awiri amene amapatsana moni wa pakamwa pokha. Ine ndinadzuka ngati ndikukamwa madzi, ndipo kuseri kwa khitchini, pathandala, ndinapeza chipande. Palibe amene anachiwerengera ngati katundu. Chong'aluka, chakuda kuchigwiriro chifukwa chinagwerapo pamoto. Koma amayi anali amanzere, choncho chinadyeka mbali imene zipande za anthu ena sizidyeka. Ndikachigwira ndi dzanja lamanja chimandikana. Ndikachisinthira kumanzere chimakhala bwinobwino, ndipo dzanja langa limagwera ndendende pamene pankagwira lawo kwa zaka zonse zimene ankatiomolera nsima.

Azakhali atandiona nacho anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Mwana wa m'tauni uyu! Wasiya bulangete n'kutola chipande?" Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinapsa, ndipo ndikuona kuti ndikadali wokwiya.

Ife pamaliro timadziwa kulira, kuchezera usiku wonse, kuimba, kuphika, kusonkha chipepeso. Pamenepo palibe wotiposa. Koma ikafika nthawi yogawa katundu timasanduka a pamsika. Chinthu timachiyeza ndi mtengo wake basi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linachita bwino kuletsa kulanda katundu ndi kunena kuti ziwiya za m'nyumba zitsale ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye, pakuti tinaona amayi ambiri akutsala ndi mphasa yokha. Koma lamulo silingadziwe za chipande, ndipo si ntchito yake. Ntchito imeneyo ndi yathu, ndipo tikuilephera. Amene wakakamira njinga timamumvetsa, amene wakakamira chipewa chong'ambika timati mutu wasokonezeka.

Ndiye pali ena amene amakuopseza kuti chovala cha malemu chimaitana mizimu, uzilota zoipa. Anthu omwewo Loweruka ali pa kaunjika, kusankha majekete ochokera kutsidya kwa nyanja. Mwini wake wa jekete limenelo mukumudziwa? Ali moyo? La mlendo timavala mosaopa, la bambo wotibala ndiye tizilithawa. Ine zimenezo ayi.

Mabuku aja

Loyamba ndi The Museum of Innocence la Orhan Pamuk wa ku Turkey, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Linatuluka mu 2008. Kemal, mwana wa banja lolemera la ku Istanbul, amakonda mtsikana wotchedwa Füsun, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu amapita kukadya chakudya chamadzulo kwa makolo ake, n'kumatuluka ndi tinthu m'thumba: kabotolo ka mchere, zomangira tsitsi, ndi zotsalira za ndudu zimene Füsun wasuta, zokwana 4,213. Pamuk sanathere papepala. Mu 2012 anatsegula nyumba yeniyeni yoonetsera zinthuzo ku Çukurcuma, mu Istanbul momwemo, ndipo ndudu zija zili pakhoma.

Ndinene zoona, bukuli linandikwiyitsa pakati. Kemal amaba. Tisakometse mawu. Ndipo chisoni chake chili ndi ndalama zogulira nyumba yonse yosungiramo. Chisoni cha inu ndi ine chimakhala m'sutukesi imodzi pansi pa bedi, m'nyumba ya lendi, ndipo pa kusamuka kulikonse wina amafunsa kuti "izinso tikutenga?" Komabe Pamuk anagwira chinthu chimodzi chimene azakhali anga sanachione: chimene chimasunga munthu ndi kanthu kamene anakagwira osaganizira, kotsalira, kopanda mtengo. Zitenje zatsopano za m'sutukesi zija sizinawadziwe amayi anga. Chipande chinawadziwa.

Lachiwiri ndi The Book of Form and Emptiness la Ruth Ozeki, la 2021. Mnyamata Benny bambo ake atamwalira amayamba kumva zinthu zikulankhula, pamene mayi ake, Annabelle, akuunjika katundu mpaka m'nyumba mosowa popondera. Ili ndalitchula dala, chifukwa sindikufuna muganize kuti ndikuti sungani chilichonse. Ndili ndi msuweni amene anatseka chipinda cha mwamuna wake zaka zinayi, ana akugona pabalaza. Pamenepo katundu wayamba kulamula amoyo.

Lachitatu si nthano yopeka, koma likukhudza jekete lanu kuposa enawo. Mwamuna wa wolemba mabuku Joan Didion, John Gregory Dunne, anagwa n'kumwalira ali patebulo pa 30 Disembala 2003. M'buku lake la 2005, The Year of Magical Thinking, Didion akufotokoza kuti anapereka zovala zambiri koma nsapato zinamukanika, chifukwa penapake mumtima ankaganiza kuti mwamunayo akabwera adzazifuna. Mayi wophunzira, wolemba mabuku wotchuka, kusungira wakufa nsapato. Nditawerenga pamenepo ndinatseka buku, chifukwa nambala ya amayi ikadali mufoni mwanga, ndipo mwina panopa kampani inaipereka kale kwa munthu wina. Sindinaiimbepo. Sindinaifufutenso.

Onsewa mungawawerenge m'Chingerezi. Ngati mphamvu ndi yochepa yambani ndi la Didion, ndi lalifupi. La Pamuk lili ndi mitu 83 ndipo limayenda pang'onopang'ono ngati ngolo yamumchenga.

Za jekete, musapereke chifukwa choti wina waseka. Zina zonse mungagawe, malaya, mathalauza, nsapato, zikathandize amoyo. Jeketelo musathamangire kulichapa, fungo likachoka silibweranso. Likolowekeni pouma, muziliyanika pamthunzi dzinja likatha kuopa nkhungu ndi njenjete. Ndipo pisani m'matumba onse, ngakhale lamkati lija, musanalole aliyense kulikhudza.

Chipande chili m'kabati, kuseri kwa makapu. Mwana wanga wamng'ono ndi wamanzere. Mwezi watha ndinamupeza akuomolera nacho mchenga panja, ndinamukalipira kuposa mlandu wake, kenaka ndinakachitsuka ndekha.