Ku Auschwitz pitani, koma mwanayo atsale

Mayi amene mwafunsa ngati n'koyenera kupatukira ku Auschwitz, msasa umene a Nazi a ku Germany ankapherako anthu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mukakhala mumzinda wa Kraków ku Poland, komanso ngati mungatenge mwana wanu wa zaka 11: pitani ndithu, koma mwanayo atsale. Oyang'anira malowa salimbikitsa kubwera ndi ana osakwana zaka 14, ndipo nditaona ndekha ndinawamvetsa.

Ine ndinapitako mu Novembala, kukuzizira kolasa m'mafupa. Kuchokera ku Kraków kukafika m'tauni ya Oświęcim, kumene kuli msasawu, ndi makilomita pafupifupi 70. Tikiti lembetseranitu pa intaneti, malo amatha msanga.

Ndisanapite ndinkadziwa kale kuti pamalopa a Nazi anaphapo anthu pafupifupi 1.1 miliyoni pakati pa 1940 ndi 1945, ambiri mwa iwo Ayuda, enanso a ku Poland, Aromani ndi asilikali a Soviet Union ogwidwa kunkhondo. Koma nambala siliza munthu. Chimene chinandithyola mawondo ndi masutikesi a m'nyumba yotchedwa Block 5. Ambiri mwa eni ake analembapo mayina awo ndi penti yoyera, ena mpaka tsiku lobadwa, zilembo zooneka bwino, monga timachitira ndi katundu wokweza pa basi kuti asasokonekere. A Nazi anawanamiza kuti akungosamutsidwa. N'chifukwa chake amayi ananyamula mapoto ndi mbale, poganiza kuti kumene akupitako akaphikira ana. Mapotowo alipo, mulu wathunthu. Nsapato za ana zilinso pomwepo, zina zosadzaza ngakhale chikhatho. Mu Block 4 muli tsitsi limene anameta akazi, ndipo m'menemo saloleza kujambula. Gulu lathu lonse linangoti zii.

Ambiri akatuluka m'menemo amakhala atatheratu, n'kuganiza zobwerera. Chonde kafikeni ku Birkenau, gawo lachiwiri la msasawu, makilomita atatu okha, basi yake ndi yaulere. Kumeneko n'kumene muonere kukula kwa chiwembucho. Njanji imalowa mpaka m'kati mwa mpanda, ndipo mu 1944 Ayuda a ku Hungary oposa 400,000 anabweretsedwa m'miyezi iwiri yokha. Akangotsika, dokotala wa SS, gulu la a Nazi loyang'anira msasawu, ankaloza ndi dzanja: uyu kuntchito, uyu kumpweya wa poizoni. Nyumba zophera ndi kuwotchera anthu a Nazi anaziphwasula okha pothawa, asilikali a Soviet Union asanafike pa 27 Januwale 1945, ndipo zigumukire zake zili momwemo.

Kuseri kwake kuli timadziwe timene ankatayamo phulusa la anthu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kwathu munthu mmodzi akamwalira mudzi wonse umasiya makasu, adzukulu n'kukumba manda, amayi n'kugona pasiwa. Awa panalibe wowakhuza. Ndinavula chipewa ngakhale makutu anali ataumiratu, ndipo zinandipweteka kuona achinyamata ena akudzijambula akumwetulira panjanji.

Valani zofunda, idyeranitu, ndipo madzulo ake musakonze zocheza ndi anthu. Ine m'basi yobwerera sindinathe kulankhula ndi wina aliyense mpaka ku Kraków.