Kwa achemwali ofunsa za kalavani yophikiramo kuno ku Joni

Achemwali, mwafunsa ngati n'kwanzeru kupangitsa kalavani kwa amisiri kuti muzigulitsiramo papa (nsima ya kuno), nyama ndi tchipisi kuno ku Johannesburg. Ine yanga ili m'chaka chachitatu, ndiye pepani ndilemba zambiri.

Utoto ndi mashelefu zibwere pambuyo. Mmisiriyo mumufunse za mapepala kaye. Kwa boma la kuno kalavani ndi galimoto: imafunika nambala ya chassis, kulembetsa, nambala ya kumbuyo ndi disiki yake. Wopangayo akakhala wongowotcherera kuseri kwa nyumba, wosalembetsedwa ngati wopanga magalimoto, kuilowetsa mu NaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto, ndi mutu wopweteka. Ine ndinapsa nazo zimenezi. Mmisiri wina anandipangira yokongola kwabasi, tsiku lokaitenga n'kumati zamapepala ndikaona ndekha. Inangokhala pabwalo miyezi inayi ngati khola la nkhunda, ana a landilodi n'kumaseweramo. Ifenso obwera, opanda ID ya kuno, timayenera kutenga Traffic Register Number kuti ilembedwe m'dzina lathu.

Kenako kulemera. Laisensi ya Code B imalola kukoka kalavani yosapitirira 750 kg pamodzi ndi katundu wake. Ikaposa pamenepo woyendetsa akhale ndi laisensi ya Code EB, kalavaniyonso ikhale ndi mabuleki akeake. Musanyengeke poiona yopanda kanthu. Ikanimo chokazingira tchipisi, firiji, masilinda awiri a gasi, matumba a mbatatesi ndi madzi, paja lita imodzi ya madzi ndi kilo yathunthu, muona kuti 750 imakwana msanga.

Koma pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Kuti mugulitse chakudya mufunika Certificate of Acceptability, yomwe imaperekedwa ndi azaumoyo a municipality potsatira lamulo la R638 la 2018. Anthu ambiri amapangitsa kalavani kaye, ikatha m'pamene amakaitana inisipekita. Ndiye akabwera n'kunena kuti palibe posambira m'manja, madzi otsukira akutayikira pansi, pokonzera nyama ndi pathabwa lomwa mafuta, basi mwayambanso kudula zitsulo ndi ndalama zina. Pitani kwa azaumoyowo pulani ikadali papepala, akuuzeni zofunika, mukampatse mmisiri. Sinki yosambira m'manja ikhale payokha, pakhale chigubu cha madzi abwino ndi china cha madzi akuda, pogwirira ntchito pakhale pa stainless steel. Chilankhulireni President Ramaphosa mu November 2024 kuti malo onse ogulitsa zakudya alembetse, ana atamwalira ndi zakudya zapoizoni, oyendera sakuseka nafenso ayi.

Gasi akuikireni munthu wovomerezeka, akupatseni satifiketi. Masilinda akhale kunja m'bokosi lopita mphepo, chozimira moto chikhale pafupi ndi chitseko. Pa chokoka utsi musaumire ndalama. Mu December mkati mwa malata amenewa mumatentha ngati mu uvuni wa njerwa, mtsikana amene ndimagwira naye anatsala pang'ono kukomoka tisanachiike.

Za malo simunatchule, koma mwapeza kale? Poti ili ndi matayala sikuti mungaime paliponse. Mumsewu pamafunika chilolezo cha malonda, kupanda apo apolisi a mzinda amalanda katundu. Ine ndinagwirizana ndi mwini malo otsukira magalimoto pafupi ndi mafakitale, ndimalipira pamwezi, magetsi ndimakoka kwa iye, usiku mlonda wake amaiyang'anira. Makasitomala anga ndi omwewomwewo, amatuluka nthawi ya nkhomaliro onse pakamodzi, ndiye papa ikhale itapsa isanakwane 12.

Polipira, musapereke zonse. Gawani patatu: poyamba, pamene felemu ndi matayala zaima mwaziona ndi maso anu, ndipo zotsalazo tsiku lomwe mapepala a kalavani ndi satifiketi ya gasi zili m'manja mwanu. Mulemberane, asayine.