AHP kapena TOPSIS: njira yosankhira kasamalidwe ka makina

Funso: Ndine mayi amene ndili ndi fakitale yaing'ono yoyenga mafuta a mpendadzuwa komanso chigayo. Makina akawonongeka m'nyengo yokolola ndimataya ndalama zambiri, koma sevisi ya mwezi ndi mwezi nayonso ikundidyera phindu. Mwana wanga amene akuphunzira uinjiniya akuti tigwiritse ntchito AHP kapena TOPSIS posankha kasamalidwe ka makinawa. Kodi yabwino ndi iti?

Yankho: Mayi, mwana wanuyo walangiza bwino, pakuti AHP ndi TOPSIS ndi njira za masamu zothandiza kusankha pamene mfundo zoganizira zili zambiri, koma tiyambe ndi zimene mukusankhazo. Mungadikire kuti chipangizo chife kenaka n'kuchikonza, mungachite sevisi pa nthawi yoikika, kapenanso mungamayang'anire zizindikiro monga kutentha kwa mota, phokoso ndi kunjenjemera kwa mabering'i n'kukonza zisanafike poipa. Chovuta n'chakuti mfundo zoyezera njirazi zimakokanakokana: mtengo wa sevisi, phindu lotayika makina akaima, chitetezo cha antchito, ndiponso kupezeka kwa masipeya, amene ambiri amafuna ndalama zakunja.

AHP, imene anaikonza Thomas Saaty m'zaka za m'ma 1970, imakufunsani kuti muyerekeze mfundo ziwiriziwiri pa sikelo ya 1 mpaka 9. Mwachitsanzo, kodi chitetezo chikuposa mtengo, ndipo chikuuposa motani? Ubwino wake waukulu ndi wakuti imakugwirani mukadzitsutsa, pakuti mukanena kuti chitetezo chikuposa mtengo, mtengo ukuposa masipeya, kenaka n'kunenanso kuti masipeya akuposa chitetezo, nambala yoyezera kugwirizana kwa mayankho imakwera, ndipo ikapitirira 0.1 mayankhowo amayenera kuunikidwanso. Kuipa kwake ndi kuchuluka kwa mafunso. Mfundo 4 zimafuna kuyerekeza ka 6, koma mfundo 8 zimafuna ka 28, ndipo pofika pamenepo makaniko wanu adzayamba kungoyankha kuti ntchito ithe.

TOPSIS, ya Hwang ndi Yoon ya mu 1981, imayenda mosiyana. Imapanga njira ziwiri za kasamalidwe zongoyerekeza, yabwino kwambiri ndi yoipitsitsa, ndipo pa njira zanu zenizeni imasankha imene ili pafupi ndi yabwinoyo komanso kutali ndi yoipayo. Masamu ake amatheka pa Excel, koma imafuna manambala enieni, monga maola amene makina anaima ndi ndalama zimene zinalowa. Komanso simakuuzani kulemera kwa mfundo iliyonse (nambala yosonyeza kufunika kwake poyerekeza ndi zinzake), n'chifukwa chake akatswiri ambiri amatenga kulemerako ku AHP n'kumalizira ndi TOPSIS. AHP ndi TOPSIS zonse zili ndi chilema chofanana: mukawonjezera kapena kuchotsa njira imodzi ya kasamalidwe pa mndandanda, zotsalazo zikhoza kusinthana malo. Zilipo zinanso, monga ELECTRE ndi PROMETHEE, koma kwa fakitale ya msinkhu wanu ndikuona kuti n'zolemetsa chabe.

Langizo langa ndi lakuti mugwiritse ntchito AHP pa mfundo zosapitirira 5, mutakhala pansi ndi makaniko komanso woyendetsa makina, ndipo mukapeza kulemera kwake mungopereka malikisi ku njira iliyonse, kuchulukitsa ndi kulemerako, n'kuwonkhetsa. TOPSIS idikire kufikira mutakhala ndi kaundula wa zowonongeka wa nyengo yathunthu, chifukwa popanda kaundulayo mudzaika m'kompyuta manambala ongopeka.

Musasankhenso njira imodzi ya kasamalidwe ya fakitale yonse. Sefa wa chigayo, amene ndi wotsika mtengo ndipo amasinthidwa msanga, akhoza kudikira kung'ambika bola wina ali m'sitolo, pamene giyabokosi ya makina ofinyira mafuta, imene sipeya yake ingatenge masabata kuti ifike, iyenera kuyang'aniridwa tsiku ndi tsiku. Pa nkhani ya sevisi ya mwezi ndi mwezi, kafukufuku wa Nowlan ndi Heap wa mu 1978 pa ndege za United Airlines anapeza kuti zipangizo 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkawonongeka motsatira ukalamba. Chigayo si ndege, ndipo nyundo zake zimathadi ndi ntchito, komabe kumasula mota yabwinobwino chifukwa choti mwezi watha nthawi zina kumabweretsa vuto limene kunalibe.

Mukamaliza kuwerengera, muuzeni mwana wanuyo asinthe pang'ono kulemera kwa mfundo yaikulu n'kuwerengeranso. Njira yopambana ikasintha, ndiye kuti yoyambayo ndi yatsopanoyo n'zofanana mphamvu, ndipo mutenge imene makaniko wanu angaikwanitse ndi zida zimene ali nazo.