Za m'nyanja ya mchere zikutikhudza bwanji ife a ku Blantyre?

Achimwene, mwafunsa kuti maphunziro a zizindikiro za kusintha kwa nyengo m'nyanja ya mchere angatithandize chiyani poti Malawi ilibe nyanja yotero. Kumbukirani namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mvula imene inagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe inachokera kunyanja komweko. Namondwe amapeza mphamvu madzi akatentha kupitirira madigiri 26, ndiye kutentha kwa madzi pakati pa Mozambique ndi Madagascar ndi nkhani yathu ndithu.

Chondikopa ine n'chakuti maphunzirowa amakhazika pamodzi akatswiri a zanyengo, a zansomba ndi a zachuma. Woyeza madzi payekha sangadziwe kuti nsomba zikasowa banja la msodzi lidya chiyani. Luso lomwelo likufunikanso pa usipa wathu ku Mangochi. Mpata ukapezeka, lembetsani.