Za lenzi yochita mbuu kunyanja ndi timizere toyera tija

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati Loweruka mumajambula ukwati kunyanja ku Mangochi, mutangotuluka m'chipinda cha loji galasi la lenzi linangoti mbuu, mukapukuta ndi malaya n'kumayambiranso, mpaka akuchikazi anayamba kukuyang'anani ndi diso lija. Mwatinso mukaunika ndi tochi mu lenzi yanu ina mukuona timizere toyera ngati ulusi wa kangaude. Awa ndi matenda awiri, koma mayi wawo ndi mmodzi, chinyezi.

Za mbuu uja, vuto silinali dothi ayi. Kamera inagona m'chipinda cha AC, makina oziziritsa mpweya aja, galasi linazizira. Mutatuluka, mpweya wofunda wa kunyanja, wodzaza ndi nthunzi, unakhudza galasi lozizira n'kusanduka mame. N'chimodzimodzi botolo la Fanta lochokera mu fuliji. Mulipukute kakhumi, lizichitabe thukuta mpaka litafunda. Choopsa n'choti mame amenewa amagwiranso magalasi a mkati, kumene nsalu siifika.

Mankhwala ake ndi jumbo yosabowoka ndi kudzuka msanga. Musanatuluke m'chipinda chozizira, ikani kamera m'jumbo, finyani mpweya utuluke, mangani. Ikani panja pamthunzi kwa mphindi 30 kapena kupitirira. Lenzi yaikulu ngati 70-200mm imachedwa kufunda, ipatseni ngakhale ola. Mame azigwira pa jumbo, kamera ili youma mkati. Ine ndikakhala ndi ntchito ya m'mawa ndimangozimitsa AC usiku, bola kugona ndi thukuta. M'galimotonso musaike chikwama moyang'anizana ndi potulukira mpweya wozizira.

Zikakupezani muli kale pantchito, musachotse lenzi pa kamera, mungalowetse mame pa sensa, kachipangizo kam'kati mwa kamera kamene kamagwira chithunzi. Musamakokekokenso zoom, mbali ya lenzi yosendezera chithunzi pafupi kapena patali, chifukwa imapopa mpweya wonyowa kulowa mkati. Chotsani kapu yotsekera lenzi, khalani pamthunzi podutsa kamphepo, auzeni a komiti kuti adikire pang'ono. Adandaula, koma zithunzi za mbuu adzadandaula nazo moyo wonse.

Kwa anzathu a ku Thyolo, Mulanje ndi ku Zomba pamwamba pa phiri, chiperoni cha mu June ndi July n'china. Kumeneko ndi mvula yowaza imene imanyowetsa mwakachetechete. Hood, chotchinga chozungulira kutsogolo kwa lenzi chija, ikhale pa lenzi nthawi zonse, wina akugwirireni ambulera, ndipo kathawulo kouma kakhale m'thumba. Kachipewa kapulasitiki kosambira kamene amaika m'maloji kamakwana bwino pa kamera, musamakasiye.

Tsono pa kapukutidwe ndi pamene ambiri timaonongera katundu wathu ndi manja athu. Mchenga wa kunyanja ndi wolimba kuposa galasi. Kanjere kamodzi kakakhala pa lenzi inu n'kupukuta ndi malaya kapena chitenje, mwalemba mzere umene sudzafufutika. N'chifukwa chake nsalu imabwera pomaliza. Yambani ndi blower, kampira kouzira mpweya kaja, lenzi itayang'ana pansi kuti fumbi ligwe. Kenako kaburashi kofewa kamene simukhudza nsonga zake ndi zala. Pakatsala mafuta a chala kapena dontho louma, ndiye tengani nsalu ya microfibre yochapa, donthezani dontho limodzi la madzi otsukira lenzi pa nsaluyo, osati pa galasi, n'kupukuta mozungulira kuchokera pakati kupita m'mphepete. Dzanja likhale lopepuka ngati mukupukuta diso la khanda.

Tishu ya kuchimbudzi ayi, imakanda ndipo imasiya ufa. Spirit wapepo uja ayi, mtundu wake umatsalira pa galasi. Kuuzira ndi pakamwa, tonse tinachitapo, koma mumangopopera malovu. Ndipo nsalu imene imakhala m'thumba la buluku pamodzi ndi makiyi ndi mtedza si nsalu ya lenzi, isungeni m'kapepala kake. Komanso musamapukute tsiku lililonse. Tifumbi tiwiri pa galasi lakutsogolo sitioneka pa chithunzi. Ngati mumajambula kunyanja kawirikawiri, gulani UV filter yabwino, galasi lovekera kutsogolo kwa lenzi, izikandika ndi iyo.

Tibwere pa timizere toyera. Pepani achimwene, ameneyo ndi chuku, m'bale wake wa uja amagwira chimanga chosauma bwino. Amakonda mdima, kufunda ndi mpweya wosayenda, ndipo chinyezi chikakhala chopitirira 70% kwa masiku angapo amayamba kumera. Kuyambira November mpaka April nyumba zathu zambiri zimakhala momwemo, makamaka cha ku Nkhata Bay. Ine lenzi yanga yoyamba ya 50mm inafera komweko. Ndinabwera kojambula mvula itandivumba, ndinaika chikwama chonyowa mu wadilobu, ndinakachitsegula patatha milungu itatu. Chikwama ndi choyendera, si chosungiramo.

Amene ali ndi ndalama amagula dry cabinet, kabati yochotsa chinyezi, n'kuitchera kuti chinyezi chizikhala pakati pa 40% ndi 50%. Koma imafuna magetsi, ndipo magetsi athu mukuwadziwa. Ine ndimagwiritsa ntchito kontena yapulasitiki ya zakudya, ya chivindikiro cha labala chotseka kuti ndii. Mkati ndimaika silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, ndi kachipangizo koyezera chinyezi kotchedwa hygrometer, kotchipa ndithu. Gulani silica gel wosintha mtundu: wabuluu akakhuta madzi amasanduka pinki, waolenji amasanduka wobiriwira. Akatero muyanikeni pa thireyi mu uvuni, moto wa madigiri pafupifupi 120, ola limodzi kapena awiri, abwerera mwakale. Timapaketi ta m'mabokosi a nsapato tija nthawi zambiri timakhala titakhuta kale, musatidalire musanatiumitse. Zoika mpunga m'malo mwa silica gel zimene ena amanena, ayi ndithu. Umayamwa pang'ono kwambiri, ndipo ufa wake ndi chakudya cha chuku yemweyo.

Mukafika kunyumba kuchokera kumvula, pukutani thupi la kamera, chotsani makapu, zisiyeni pa tebulo ziume usiku wonse, kenako ndiye mu kontena. Chikwama chiyanikeni pachokha. Lenzi imene imagwira ntchito sabata iliyonse sigwidwa msanga, imene imagwidwa ndi yongokhala.

Yodwalayo ipatuleni lero, isagone ndi zinzake. Musaimasule nokha ndi sikuludiraiva mutaonera vidiyo pa YouTube. Magalasi a mkati amakhala pa muyeso wake, akasuntha pang'ono focus yapita. Kuiika padzuwa kumene ena amanena kungachedwetse chuku koma sikuchotsa timizere, ndipo lenzi imasonkhanitsa dzuwa n'kuotcha zinthu, choncho musaisiye ili pa kamera. Pitani nayo kwa okonza makamera mwamsanga, chifukwa chuku akakhalitsa amadya coating, utoto wosaoneka umene amapaka pa galasi, ndipo chipsera chake sichichoka ngakhale atatsuka. Afunseni mtengo asanaitsegule. Ngati ndi lenzi ya 18-55mm yobwera ndi kamera, nthawi zina kugula ina yogwirapo kale ntchito kumatchipa kuposa kukonzetsa, koma mukapite ndi tochi yomweyo, muiunike mbali zonse ziwiri musanapereke ndalama.